Mapulani a Utzon ndi Kope la Amalume

Amalume anga anagwira ntchito ya upulambala pa sukulu ina yogonera konko kwa zaka 26. Sukuluyo sindiitchula, chifukwa zimene zinachitika pamenepo zikanatha kuchitika paliponse. Atapuma pa ntchito anabwerera kumudzi kukalima, ndipo miyezi itatu isanathe paipi yaikulu yopita ku mahositelo a atsikana inaphulika usiku. Madzi anasefukira mpaka kukhitchini. Pulambala watsopano, mnyamata wa mapepala ake abwinobwino, anazungulira sukulu yonse ndi tochi kufunafuna potsekera madzi a mbali imeneyo, osapaona. Ku ofesi anatulutsa mapulani achikasu odyedwa ndi chiswe m'mphepete, koma mapulaniwo ankasonyeza sukulu ya kalekale, mahositelo awiri asanamangidwe. Mapeto ake anatseka madzi a sukulu yonse, ndipo ana anakhala masiku awiri akutunga pa mjigo wa m'mudzi woyandikana nawo.

Tsiku lachitatu ahedi anatumiza galimoto kukatenga amalume. Ine ndinali kwawoko patchuthi, ndiye ndinakwera nawo. Titafika sanalowe n'komwe mu ofesi. Anangolunjika kuseri kwa khitchini, n'kuima pafupi ndi mtengo wa mango, n'kuloza pansi ndi ndodo. "Kumbani apa." Chotsekera chinali pomwepo, chitakwiririka kuyambira chaka chimene anasalaza malowo. Ahedi anawomba m'manja nati, "Bambo, mukanakhala kuti munatisiya, tikanatani ife?" Amalume anangoseka. Pobwerera anandiuza kuti, "Mphwanga, nyumba siyankhula. Amaiyankhulira ndi amene anaiona isanavale pulasitala."

Mawu amenewa anandibwerera posachedwapa pamene ndimawerenga mbiri ya Sydney Opera House, chinyumba cha zoimbaimba ndi zisudzo cha ku Australia, chija denga lake limaoneka ngati matanga a ngalawa. Ambiri timaidziwa ndi zithunzi za zozimitsa maso za chaka chatsopano. Ine chimene chinandigwira ndi china: nayonso inathawidwa ndi munthu amene ankaidziwa, ndipo patapita zaka pafupifupi 40 eni ake anayamba kuyesa kuika zonse zokhudza nyumbayo m'chifaniziro cha pakompyuta, kuti tsiku lina pasadzafunike kutumiza galimoto kumudzi.

Tiyambire poyambira. Boma la chigawo cha New South Wales, lotsogoleredwa ndi Joseph Cahill, linaitanitsa akatswiri ojambula mapulani a nyumba a dziko lonse lapansi kuti apikisane. Panabwera mapulani 233 ochokera m'mayiko 32, ndipo pa 29 Januwale 1957 analengeza kuti wapambana ndi Jørn Utzon wa ku Denmark, wa zaka 38, munthu wosadziwika kwenikweni kunja kwa kwawo. Zimene anatumiza zinali zojambula zokongola, koma panalibe aliyense, ngakhale mwini wake, amene ankadziwa mmene denga lotero lingamangidwire. Cahill ankaopa kuti akazengereza ndale zidzasintha ndipo ntchito idzafera m'mazira, choncho analamula kuti kumanga kuyambe mu Marichi 1959, mapulani a denga asanathe. Iye anamwalira chaka chomwecho. Phuma lakelo linabala mwana: nsanamira zina zimene anamanga poyamba zinapezeka kuti sizingasenze denga limene anadzagwirizana pambuyo pake, ndipo anazigwetsa n'kumanganso. Onani kuti kuyambira tsiku loyamba, zimene zinali papepala ndi zimene zinali pansi zinkayenda njira zosiyana.

Denga lenilenilo linawazunguza mitu kwa zaka zingapo. Mainjiniya a kampani ya Ove Arup ku London anayesa maonekedwe osiyanasiyana, ndipo masamu ake anali ochuluka moti anachita kugwiritsa ntchito makompyuta a nthawi imeneyo, aja odzaza chipinda. Iyi inali imodzi mwa nyumba zoyambirira kuwerengeredwa mphamvu zake ndi kompyuta. Mu 1961 yankho linapezeka: matanga onse adulidwe kuchokera pa mpira umodzi wongoyerekeza, ngati mmene mungadulire zibenthu zosiyana kukula pa lalanje limodzi. Popeza kupindika kwake kunali kumodzi, nthiti za konkire zinatheka kuumbidwa m'zikombole zochepa, mobwerezabwereza. Zidutswa 2,194 za konkire anazilumikiza ndi zingwe zachitsulo zotalika makilomita 350 zikaphatikizidwa, ndipo pamwamba anayalapo matailosi 1,056,006 opangidwa ndi kampani ya Höganäs ku Sweden.

Tsono Utzon anali ndi kagwiridwe kake ka ntchito. Ankakonda kupanga chitsanzo cha chinthu, chachikulu ngati chenichenicho, n'kuchiyesa, n'kuchisintha, kenako n'kujambula mapulani omaliza. Zambiri zinali m'mutu mwake ndi m'mitu ya anyamata ochepa a mu ofesi yake. Mu 1965 boma linasintha, ndipo nduna yatsopano yoona za ntchito za boma, Davis Hughes, inafuna mapepala: mapulani omaliza, masiku omalizira, mitengo. Inakana kuvomereza ndalama zopangira zitsanzo za matabwa za m'kati mwa maholo, ndipo inagwira malipiro a Utzon. Pa 28 Febuluwale 1966 Utzon analemba kalata yosiya ntchito. Anthu anachita zionetsero m'misewu ya Sydney kuti abwezedwe, koma sizinaphule kanthu. Mu Epulo chaka chomwecho anachoka ku Australia ndi banja lake, ndipo sanadzapondekonso mpaka imfa yake.

Pa nkhani imeneyi anthu ambiri amathamangira kufunsa kuti wolakwa anali ndani. Ine mtima wanga umapita kwa Peter Hall, katswiri wachinyamata wa ku Australia amene anapatsidwa ntchito yomaliza za m'kati, pamodzi ndi Lionel Todd ndi David Littlemore. Hall anavomera poganiza kuti akukamaliza zimene zajambulidwa kale. Atafika anapeza kuti mapulani oti mmisiri angamangire maholo palibe; zinalipo ndi zojambula zosonyeza maganizo, koma mwini maganizowo ali kutsidya la nyanja. Anayambanso kufunsa kuti holo iliyonse ikhale ya chiyani ndipo ilowe anthu angati. Holo yaikulu, imene Utzon ankafuna kuti izichitikira zisudzo za opera ndi makonsati omwe, inasanduka ya makonsati okha. Makina a pasiteji amene anali ataikidwa kale anawazula. Opera anaikankhira ku holo yaing'ono, imene oimba ake akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti malo awo ndi opanikiza. Anzake ena a ntchito ankamuona Hall ngati wolanda malo a mnzake, koma iye ndiye anali pulambala watsopano uja, akuzungulira ndi tochi.

Mfumukazi Elizabeth II inatsegulira nyumbayo pa 20 Okutobala 1973, zaka 10 pambuyo pa tsiku limene ankayembekezera. Mtengo umene ankauyerekeza pa madola 7 miliyoni a ku Australia unafika pa madola 102 miliyoni, ndipo zambiri mwa ndalamazo zinachokera ku lotale ya boma. Utzon sanali pa mwambowo, ndipo dzina lake silinatchulidwe.

Mabuku ambiri amathera pamenepa, ngati kuti nyumba ikatsegulidwa ndiye kuti nkhani yatha. Koma ndi pamene ya anthu ngati amalume imayambira. Nyumbayi ili ndi zipinda pafupifupi 1,000. Imaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja yamchere imene yaizungulira, ndipo mapaipi oyendetsa madzi ozizira m'nyumbamo ndi otalika makilomita 35. Mphepo ya mchere imanyambita konkire ndi chitsulo usana ndi usiku. Matailosi aja amafuna anthu okwera ndi zingwe, n'kumawagogoda ndi kanyundo kuti amve ngati ena ayamba kulekana ndi konkire. Zonsezi zimachitika zitseko zili zotsegula, chifukwa pafupifupi tsiku lililonse muli zochitika. Chaka ndi chaka wina amaboola khoma kudutsitsa waya, wina amasintha pampu, wina amagawa chipinda pakati. Aliyense amasiya pepala lake, kapena osasiya n'komwe. Pakapita zaka 30 mumakhala ndi mapulani ambirimbiri ofotokoza malo amodzi, ndipo funso limakhala loti, kodi loona ndi liti?

Pamene Sydney inkalimbana ndi mapepala ake, kwina anthu anali akuganiza zothetsa mapepalawo. Mu 1975 Charles Eastman, wa pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku America, anasindikiza nkhani yonena kuti kompyuta ikhoza kulowa m'malo mwa zojambula pokonza nyumba. Ganizo lake linali loti m'malo mojambula nyumba imodzi kambirimbiri, kuchokera pamwamba, m'mbali ndi m'kati, timange nyumbayo kamodzi m'kompyuta, chidutswa ndi chidutswa, ndipo chojambula chilichonse chizichokera pamenepo. Ukasuntha khoma kamodzi, lasuntha paliponse. Makompyuta a nthawiyo anali ofooka, koma mbewu inagwa. Ku Budapest, kampani ya Graphisoft imene Gábor Bojár anayambitsa mu 1982 inapanga pulogalamu ya ArchiCAD. Mu 2000 kunatuluka Revit, imene Autodesk inagula mu 2002. Cha m'nthawi imeneyi ndi pamene dzina loti BIM linafala, chidule cha Building Information Modelling.

Kusiyana kwake ndi uku. Pa pulani ya papepala, chitseko ndi mizere basi. Amene amadziwa kuti ndi chitseko ndi munthu woyang'anayo. M'chifaniziro cha BIM chitseko chimadzidziwa chokha: kukula kwake, thabwa lake, chipinda chimene chimatsegukira, mphindi zimene chingapirire moto, amene anachipanga. Pampu imanyamula nambala yake, tsiku limene anaiika, tsiku limene anaikonza komaliza, ndi zipinda zimene zingavutike itaima. Chotsekera madzi chimadziwa paipi yake, ndipo paipiyo imadziwa kumene ikupita. Kwa womanga zimenezi zimathandiza kwa zaka zochepa za kumanga. Kwa wosamalira nyumba zimathandiza moyo wonse wa nyumbayo. Mu 2004 bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, linawerengera kuti kusagwirizana kwa mapulogalamu ndi kutayika kwa chidziwitso pakati pa ojambula, omanga ndi eni nyumba zikuluzikulu kumawonongetsa madola 15.8 biliyoni pa chaka m'dzikolo, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ndalamazo amagwera eni nyumba ndi ozisamalira. Zambiri zimapita pa ntchito yonga ya mnyamata wa tochi uja: kufunafuna, kuyezanso, kutsimikizira chinthu chimene wina ankachidziwa kale.

Tibwerere ku Sydney. Eni nyumbayo anachita zinthu ziwiri, ndipo ndikuona kuti dongosolo lake ndi lofunika. Choyamba, mu 1999 anagwirizananso ndi Utzon, ali nkhalamba ya zaka zoposa 80. Sanamupemphe kuti abwere. Anamupempha kuti alembe mfundo zotsogolera aliyense amene adzasinthe kanthu m'nyumbayo. Anagwira ntchitoyo ali ku Ulaya, kudzera mwa mwana wake Jan ndi katswiri wa ku Sydney, Richard Johnson, ndipo mfundozo zinatuluka mu 2002. Mu 2004 anatsegula chipinda chimene chinakonzedwanso motsatira mapulani ake, n'kuchitcha Utzon Room. Apa ndiye kuti galimoto inapita kumudzi, nkhalamba ikadali moyo. Nyumbayo inalembedwa pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2007, ndipo Utzon anamwalira mu Novembala 2008.

Chachiwiri, mu 2005 ndi 2006 nyumbayo inakhala poyesera kafukufuku wa bungwe la CRC for Construction Innovation, mothandizana ndi asayansi a CSIRO ndi ena, wofuna kuona ngati BIM ingathandize kusamalira nyumba yomangidwa kale. Panthawiyo ambiri ankaiona BIM ngati chida cha nyumba zatsopano. Ofufuzawo sanayambe ndi nyumba yonse. Anatenga chifaniziro cha mbali imodzi, chimene mainjiniya a Arup anapanga pokonzekera kukonzanso holo ya opera, n'kuchisamutsira mu IFC. IFC ndi kalembedwe ka mafayilo kosakhala ka kampani imodzi, kamene mapulogalamu osiyanasiyana amatha kuwerenga. Mfundo imeneyi si yaing'ono ayi: nyumba yoti ikhale zaka mazana siingadalire pulogalamu imene mwina zaka 20 zikubwerazi sidzakhalaponso. Kenako analumikiza chifanizirocho ndi zimene osamalira nyumbayo ankalemba kale, monga mamalikisi amene ankapereka poyendera zipinda ndi zipangizo. Zinatheka kufunsa kompyuta kuti ionetse zinthu zonse zimene zakhoza pang'ono pa kuyenderako, ndipo zinkaoneka pamalo pake penipeni m'chifanizirocho. Lipoti lawo linatuluka mu 2007, ndipo limodzi mwa malangizo ake linali loti nyumbayo ikhale ndi malamulo akeake a mmene kontirakita aliyense azibweretsera chidziwitso akamaliza ntchito.

Panatsalabe funso lija, loti loona ndi liti. Mapulani akale amanena zimene anthu ankafuna kumanga, pamene wosamalira nyumba amafuna zimene zinamangidwadi. Mu 2013 gulu lochokera ku Scotland, la pulojekiti ya Scottish Ten, linabwera ndi makina a laser oyeza mtunda. Makinawa amaponya kuwala pa khoma n'kuwerenga malo enieni a kadontho kalikonse, madontho mamiliyonimamiliyoni, mpaka nyumba yonse ionekere m'kompyuta mmene ilili. Kuti afike pamwamba pa matanga aja anachita kumangirira makinawo ndi zingwe, mothandizidwa ndi akatswiri okwera. Nyumba imene masamu ake anawerengeredwa ndi makompyuta oyambirira inabwereranso m'kompyuta, ulendo uno ndi makwinya ake omwe. Holo yaikulu ija ya Peter Hall anaitseka mu 2020 kuti aikonze kamvekedwe ndi mayendedwe a anthu olumala, n'kuitsegulanso mu Julayi 2022. Ntchito yotere, m'kati mwa chigoba choletsedwa kuchigumula, imafuna kudziwiratu malo amene alipo kuseri kwa thabwa lililonse.

Mayiko ena anatenga njira yomweyi ndi malamulo. Ku America, Bill East wa nthambi ya mainjiniya a asilikali anakonza COBie mu 2007, mndandanda wa zimene womanga ayenera kupereka kwa mwini nyumba pomupatsa makiyi: zipinda, zipangizo, magaranti, ndondomeko ya kukonza. Boma la Britain linalengeza mu 2011 kuti pofika 2016 ntchito zake zomanga zizigwiritsa ntchito BIM. Komanso ku Britain komweko ndi kumene kunaoneka kuti nkhaniyi si ya ndalama zokha. Pa 14 Juni 2017 moto unapha anthu 72 m'nyumba yosanja ya Grenfell Tower ku London. Judith Hackitt, amene boma linamutuma kuunika malamulo a zomangamanga pambuyo pa ngoziyo, anapeza mu 2018 kuti m'nyumba zambiri zosanja chidziwitso cha zimene zinamangidwa ndi zimene zinasinthidwa chinali chosakwanira kapena chotayika. Analangiza kuti nyumba zotere zikhale ndi mbiri ya pakompyuta yosaduka, kuyambira pa pulani mpaka tsiku la lero, ndipo lamulo la 2022 linakhazikitsa zimenezo.

Komabe, anzanga, ndisakunamizeni kuti kompyuta yathetsa vuto la amalume. Chifaniziro sichidzilemba chokha. Mmisiri akasintha pampu Lachisanu madzulo n'kuthamangira basi osalemba, Lolemba chifaniziro chayamba kunama. Ndipo bodza la pakompyuta ndi loopsa kuposa la pepala lodyedwa ndi chiswe, chifukwa pepala lachikasu limakuchenjeza lokha kuti ndakalamba, pamene chifaniziro chimaoneka chatsopano tsiku lililonse. Chimafuna munthu wolipidwa kuti azichisamalira monga mmene nyumbayo imafunira wosesa, ndipo pa bajeti munthu ameneyo ndi amene amayamba kudulidwa. Chimafunanso kuti chipinda chilichonse chikhale ndi dzina limodzi lokha, osati wamagetsi azichitcha china, wamapaipi china, wa ku ofesi china. Ntchito yogwirizanitsa mayina ndi yosasangalatsa, siioneka pa zithunzi, koma popanda iyo zonse zija ndi chidole.

Palinso chinthu chimene chifaniziro sichinyamula. Chikhoza kukuuzani kuti tailosi ili ndi lonyezimira ndipo loyandikana nalo ndi losanyezimira, koma sichingakuuzeni chifukwa chake Utzon anafuna mitundu iwiriyo, kapena chimene chingatayike mutaika mtundu umodzi wotchipa. Zimenezo zinafunika kuti nkhalamba ifunsidwe ikadali ndi mpweya. N'chifukwa chake ndati dongosolo la Sydney linali lofunika: anayamba ndi munthu, makina anabwera pambuyo. Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga, ndipo mbiri ya nyumbayi yandiphunzitsa kuti mutu umodzi susunganso denga, ngakhale utakhala wa Utzon. Koma zimene zili m'mutumo zimayenera kutulutsidwa mwini wake asanakwere ndege.

Amalume sanamvepo za BIM. Koma sabata yotsatira chiphulikire cha paipi ija anabwereranso ku sukulu kuja, ulendo uno pa njinga yawo, popanda wowatuma. Anagula kope la chikuto cholimba, n'kuyenda ndi pulambala watsopano uja kwa masiku anayi, mpanda mpaka mpanda. Pa tsamba lililonse ankajambula nyumba imodzi, mapaipi ake, kukula kwake, ndi mapazi angati kuchokera pa ngodya ya khoma kufika pa chotsekera. Za mtengo wa mango anakana kulemba. Anati mtengo amadula. M'munsi mwa masamba ena anawonjezera zifukwa: paipi iyi tinaikhotetsa chifukwa apa pali mwala, iyi musaikulitse chifukwa thanki ilibe mphamvu.

Amalume anatisiya zaka zingapo zapitazo. Pa maliro pulambala uja anabwera, tsopano ndi bambo wa imvi zake, ndipo atandipatsa moni anatulutsa kope lija m'chikwama kuti ndione. Masamba oyamba ndi a inki yabuluu, dzanja la amalume. Chapakati inki ikusintha, dzanja likusintha, ndipo pali hositelo yachitatu imene amalume sanaionepo. Ndinamufunsa ngati ali ndi kope lina lofanana nalo, loti likhale ku ofesi ili litatayika. Anayang'ana pansi, n'kuseka pang'ono, nati, "Achimwene, limeneli ndi lokhali." Tinagwirizana kuti mwambo ukatha tilijambule tsamba ndi tsamba pa foni yanga, ndipo tinachitadi, titakhala pa benchi kuseri kwa nyumba ya siwa.